Matenda sadasankhe munthu, koma malamulo adasankha

Pa 12 Januwale 2021 dziko lino lidataya nduna ziwiri za boma tsiku limodzi. A Sidik Mia, omwe adali nduna ya zamtengatenga, komanso a Lingson Belekanyama, nduna ya maboma aang'ono, adatisiya atadwala Covid-19. Tsikulo anthu m'misika ndi m'maminibasi adagwira pakamwa n'kumauzana kuti matendawa alibe tsankho, akutenga wolemera ndi wosauka yemwe. Adanena zoona. Kachilombo sikayamba kafunsa kuti m'thumba mwa munthu muli zingati.

Koma malamulo omwe boma lidakhazikitsa pofuna kuthana ndi mliriwo adali nkhani ina. Papepala adali amodzi kwa Mmalawi aliyense, koma atafika pakhomo ndi pakhomo kulemera kwake kudasiyana. Munthu wa malipiro a pamwezi adauzidwa kuti akhale kunyumba, ndipo mwezi ukatha ndalama zake zimalowa. Mayi wogulitsa tomato pa Lizulu kapena pa Jenda adauzidwa zomwezo, koma kwa iye kukhala kunyumba kumatanthauza kuti ana agona ndi njala tsiku lomwelo.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 yasiya kukhala ngozi ya dziko lonse. Kuno kwathu anthu oposa 2,600 ndiwo adalembedwa kuti adafa nayo, ndipo awa ndi okhawo omwe adayezedwa. Masiki tidavula kalekale, ndowa zosambira m'manja zidabwerera kukhitchini. Ena afunsa kuti tikudzutsiranji nkhani yakale. Yankho lathu ndi lakuti mabala ake akadalipo m'mabanja ambiri, komanso mliri wina udzabwera ndithu. Tikapanda kuunguza bwino pomwe tidaterereka, osauka omwewo ndiwo adzasenzenso katundu wolemera.

M'bindikiro womwe udalephereka

Mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, a Peter Mutharika, adalengeza pa 20 Malichi 2020 kuti dziko lili pangozi. Sukulu zonse zidatsekedwa kuyambira pa 23 Malichi ndipo misonkhano ya anthu oposa 100 idaletsedwa. Apa n'kuti m'dziko muno musadapezeke munthu ndi mmodzi yemwe wa kachilomboka. Anthu atatu oyamba adapezeka ku Lilongwe pa 2 Epulo.

Pa 14 Epulo boma lidalengeza m'bindikiro wa masiku 21, kuyambira pa 18 Epulo kufikira pa 9 Meyi. Misika ikuluikulu idayenera kutsekedwa ndipo anthu amayenera kukhala m'makomo. Maiko ena ambiri adali atachita kale zimenezi, kuphatikizapo South Africa. Chomwe chidasowa m'chilengezocho chidali yankho la funso limodzi: nanga anthu azidya chiyani? Padangodutsa masiku ochepa, mavenda a ku Limbe, Mzuzu ndi madera ena adathamangira m'misewu. Uthenga wawo udali womveka, kuti njala iwapha msanga kachilomboko kasadawapeze.

Anthu ena pamodzi ndi bungwe lomenyera ufulu la HRDC adakamang'ala kukhoti, ndipo pa 17 Epulo woweruza milandu Kenyatta Nyirenda adaletsa m'bindikirowo usadayambe. Mu Sepitembala chaka chomwecho, oweruza a khoti lalikulu omwe adaunika nkhaniyi potengera malamulo aakulu a dziko lino adagamula kuti ndondomeko ya m'bindikiroyo idaphwanya malamulowo. Mwa zina, adatsindika kuti boma silingatsekere anthu m'nyumba lisadakonze njira yoti osauka apezere chakudya. Ndondomekoyo idatsamira pa lamulo la zaumoyo la mu 1948, lolembedwa m'nthawi ya atsamunda.

Chigamulo chimenechi n'chofunika kuchisunga mumtima. Malawi lidali limodzi mwa maiko ochepa komwe khoti lidaimitsa m'bindikiro poganizira mimba ya munthu wosauka. Koma tisadzinamize kuti basi tidapulumuka. M'bindikiro waukulu udalephereka, koma malamulo ang'onoang'ono ambiri adagwira ntchito, ndipo ndi amenewo omwe adaluma mwakachetechete.

Lamulo limodzi, matumba osiyana

Taonani nkhani ya masiki. Mu Ogasiti 2020 boma lidalamula kuti aliyense wopezeka pagulu wosavala masiki alipire K10,000. Chaka chimenecho malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma adali K35,000 pamwezi. Izi zikutanthauza kuti mlonda kapena wantchito wa m'nyumba akagwidwa amataya thukuta la masiku opitirira asanu ndi awiri. Kwa bwana woyenda pagalimoto yakeyake, ndalama yomweyo idali ya mafuta a tsiku limodzi. Chindapusa chofanana kwa anthu osafanana chimalanga wosauka yekha.

Taonaninso za maminibasi. Lamulo lidati anthu akhale motalikirana, choncho chiwerengero cha okwera chidachepetsedwa. Eni maminibasi sakadalola kuluza, adakweza mitengo. Yemwe adalipira kusiyanako adali mayi wopita kukapikula kaunjika, mlimi wonyamula mbatata ndi wodwala wopita kuchipatala cha paboma. Wokhala ndi galimoto lamuloli silidamukhudze n'komwe.

Makhonsolo ena adaletsa misika ya kabwandire. Kwa munthu wa mumzinda imeneyi ndi nkhani yaing'ono chifukwa sitolo zikuluzikulu zidali zotsegula. Koma aliyense wokhala pa Mponela, Thondwe, Chimbiya kapena Ekwendeni akudziwa kuti tsiku la msika ndilo limayendetsa sabata yonse. Wakabaza, wootcha chipisi, wosoka zovala pakhonde, wometa, wogulitsa zitumbuwa ndi mnyamata wonyamula katundu pawilibala onse amadyera pa tsiku limenelo. Msika ukaima, onsewa amaima nawo limodzi. Mu Januwale 2021, matenda atavutanso, boma lidalamula kuti misika izitsekedwa 5 koloko madzulo ndipo anthu asayende kuyambira 9 koloko usiku. Komatu madzulo ndiyo nthawi yomwe wa usipa ndi wa ndiwo zamasamba amagulitsa kwambiri, anthu akamaweruka kuntchito.

Kumalire nakonso kudali chimodzimodzi. Malole onyamula katundu wa makampani amadutsa pa Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe, ndipo n'zomveka chifukwa dziko lidafunika mafuta ndi mankhwala. Koma amayi oyenda pabasi kukatenga zitenje ndi nsapato ku Tanzania kapena ku Zambia adaima. Njira zitatsegulidwa, adafunika kulipira kaye ndalama zoyezetsera kuti apeze chikalata chodutsira. Ambiri mpamba udali utadyedwa kale.

Ndege zonyamula anthu zidaimitsidwa kuyambira pa 1 Epulo mpaka kumayambiriro kwa Sepitembala 2020. Alendo atasiya kubwera, malo ogona a kunyanja ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay adachepetsa antchito, ndipo osema ziboliboli adasowa wowagula. Aphunzitsi ambiri a sukulu zomwe si zaboma adakhala miyezi osalandira kanthu chifukwa makolo sankalipira fizi. Mabanki adagwirizana ndi banki yaikulu ya Reserve kuti apumitse kwa miyezi itatu makasitomala ena omwe adali ndi ngongole. Chidali chinthu chabwino, koma wangongole ya katapila palibe adamupumitsa. Magulu ambiri a banki m'khonde adagwedezeka kaamba koti mamembala amalephera kubweza.

Thandizo lidachedwa, ndipo lidadumpha matauni ang'onoang'ono

Khoti litaimitsa m'bindikiro, a Mutharika adalengeza kumapeto kwa Epulo 2020 kuti mabanja ovutika a m'mizinda azilandira K35,000 pamwezi. Anthu adalembetsa maina n'kumadikira. Chisankho cha pa 23 Juni chidadutsa, boma lidasintha, a Lazarus Chakwera adalowa. Ndalamazo zidayamba kufika m'mafoni mwa anthu chakumayambiriro kwa 2021, ndipo zidali za miyezi itatu. Thandizo lomwe lidayenera kufika nthawi ya moto lidafika nyumba itapsa kale.

Chachiwiri, ndondomekoyi idali ya mizinda inayi yokha: Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Kumidzi kudali kale ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, koma imeneyo imathandiza mabanja ovutikitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, monga agogo olera ana amasiye. Tsono wogulitsa pamsika wa Balaka, Luchenza, Liwonde, Dwangwa, Nchalo kapena Karonga adagwera pakati. Kumzinda sadawerengedwe chifukwa sakhala mumzinda. Kumudzi sadawerengedwe chifukwa ali ndi manja ndi miyendo yogwirira ntchito. Chonsecho moyo wake ndi wa tauni: amalipira lendi, amagula ufa wa pambale, amagula makala, ena amagula ngakhale madzi. Alibe nkhokwe yoti atapemo malonda akaima.

Apa ndiye pagona dandaulo lathu lalikulu. Matauni ang'onoang'ono ndiwo amalumikiza mlimi ndi mzinda. Makhonsolo amatolera ndalama za ziphaso m'misika imeneyi tsiku ndi tsiku, ndipo wotolerayo amadziwa benchi iliyonse ndi mwini wake. Zikatheka bwanji kuti munthu adziwike pa nthawi yodula chiphaso koma asadziwike pa nthawi ya thandizo?

Ana omwe sadabwerere m'kalasi

Bala lalikulu koposa lili pa ana. Sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi 2020. Makalasi olemba mayeso, monga Sitandade 8 ndi Fomu 4, adabwerera pa 7 Sepitembala, ena onse pa 12 Okutobala. Ana ambiri adakhala pakhomo pafupifupi miyezi isanu ndi iwiri. Mu Januwale 2021 sukulu zidatsekedwanso kwa masabata angapo, ndipo zitatsegulidwa aphunzitsi a sukulu za boma adanyanyala ntchito pofuna ndalama ya ukaziotche.

Boma lidati ana aziphunzira pawailesi ndi pa intaneti. Ganizoli silidali loipa, koma kalembera wa mu 2018 adali ataonetsa kale kuti nyumba imodzi yokha pa nyumba zitatu zilizonse idali ndi wailesi, ndipo nyumba za magetsi zidali pafupifupi 11 pa 100 zilizonse. Mwana wa sukulu yapamwamba ya mumzinda amaphunzira pakompyuta, mphunzitsi akumuona. Mwana wa ku sekondale yoyendera amakaweta mbuzi, kugulitsa mandasi kapena kukagwira ganyu. Ana ambiri a ku pulayimale adatayanso phala la m'mawa lomwe amamwa kusukulu, ngakhale mabungwe ena adayesetsa kugawa ufa woti makolo akaphikire kunyumba.

Kafukufuku yemwe boma lidachita mu 2020 adapeza kuti m'miyezi yochepa sukulu zili zotseka, atsikana pafupifupi 40,000 adatenga mimba ndipo ana pafupifupi 13,000 adalowa m'banja. Izi zidachitika m'dziko lomwe mu 2017 lidasintha malamulo ake aakulu kuti munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sayenera kukwatiwa. Tisathamangire kuloza chala atsikanawo kuti ndi opanda khalidwe. Pakhomo pakasowa chakudya, makolo ena amaona ukwati ngati njira yochepetsera pakamwa podyetsa, ndipo abambo a ndalama zawo amapezerapo mwayi. Mafumu monga malemu Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza adathetsa maukwati ambiri a ana, koma kuthetsa ukwati ndi kwina, kupeza fizi ndi womulerera khanda ndi kwinanso.

Mayeso a Fomu 4 a chaka cha 2020 adaonjezera chisoni. Adabedwa, adaimitsidwa mu Novembala, ndipo ana adalembanso mu Januwale 2021. Zotsatira zitatuluka, ana 41 okha pa 100 alionse ndiwo adakhoza. Mwana wa munthu wopeza bwino akalephera amabwereza. Mwana wa wakabaza akalephera nthawi zambiri sukulu imathera pomwepo. Mtsikana yemwe adasiya sukulu ali Fomu 2 mu 2020 lero ndi mayi wa mwana wa msinkhu woyamba sukulu. Ngati sitichitapo kanthu, umphawi womwe udayamba ndi kutseka kwa sukulu uwolokera kwa mwanayo.

Obwerera kuchokera ku Joni

South Africa idatseka dziko lake kumapeto kwa Malichi 2020. Amalawi ambiri ogwira ntchito m'nyumba za anthu, m'minda ya maluwa, m'malo odyera ndi pa zomangamanga adapezeka alibe ntchito, alibe lendi. Thandizo la R350 pamwezi lomwe boma la kumeneko limapereka silidafikire anthu opanda zikalata. Ndalama zomwe amatumiza kwawo ku Mangochi, Mzimba, Nkhata Bay ndi maboma ena zidaduka, ndipo nyumba zambiri zomwe zidali pa windo zidaima pomwepo.

Atakwera mabasi kubwerera kwawo, kulandiridwa kwake kudali komvetsa chisoni. Mu Meyi 2020 anthu oposa 400 omwe adasungidwa pa bwalo la Kamuzu mumzinda wa Blantyre podikira zotsatira za kuyezedwa adathawa, akudandaula za kusowa kwa chakudya, madzi ndi zimbudzi zoyenera. Ena mwa iwo adali ndi kachilombo ndipo adapita nako kumidzi. Anthu adawanyoza kuti ndi osamvera, koma ndani angagone pabwalo la mpira ndi khanda kumsana popanda chakudya? Kusunga anthu mosawalemekeza kudathandiza kufalitsa matenda omwe timafuna kuwatsekereza.

Mpweya udali kutali

Matenda atafika pachimake mu Januwale 2021, chomwe chimalekanitsa moyo ndi imfa udali mpweya wa okosijeni. Chipatala cha Queen Elizabeth chidali ndi makina opangira mpweyawu omwe adaikidwa mu 2020 ndi thandizo la bungwe la Wellcome. Boma lidasandutsa bwalo la Bingu ku Lilongwe ndi nyumba ya boma ya ku Zomba kukhala zipatala zongoyembekezera. Nzika zakufuna kwabwino, motsogozedwa ndi mlembi Stanley Onjezani Kenani, zidasonkha ndalama n'kugula masilinda ndi zipangizo zina. Adachita zotamandika ndipo adapulumutsa miyoyo.

Koma zipatala zikuluzikulu m'dziko muno zilipo zinayi, ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, pomwe anthu oposa 80 pa 100 alionse amakhala kumidzi. Wopeza bwino amatha kupita kuchipatala cholipira kapena kugula silinda yakeyake. Wodwala wa ku Chitipa, Nsanje kapena Ntchisi amadalira chomwe chilipo pachipatala cha paboma, ndiponso ngati ambulansi ili ndi mafuta. Madotolo ndi anamwino nawo adanyanyalapo ntchito mu Epulo 2020 kaamba kosowa zodzitetezera.

Padalinso mavuto ena obisika. Mphekesera zidafala zoti kuchipatala akubaya anthu jakisoni wakupha, ndipo ena adayamba kuopa kupitako. Mayi woyembekezera akadumpha sikelo, mwana akaphonya katemera, kapena wa mankhwala otalikitsa moyo akachedwa kukatenga mankhwala, zotsatira zake siziwerengedwa pa imfa za Covid-19. Uthenga woti tizisamba m'manja pafupipafupi ndi sopo udali wabwino, koma m'misika yambiri mudalibe mpopi wotuluka madzi. Kolera yemwe adabuka mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 adatikumbutsa kuti vuto la madzi ndi zimbudzi tidangolidumpha.

Ndalama zidapita kuti?

Pomwe amayi amathamangitsidwa m'misika, ndalama za mliri zimayenda njira zina. Lipoti lomwe ofesi ya Ombudsman idatulutsa mu 2020, panthawi yomwe mkulu wake adali mayi Martha Chizuma, lidadzudzula kuti gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera ntchitoyi lidathera m'maalawansi. Mu Epulo 2021 kafukufuku wa momwe K6.2 biliyoni idagwirira ntchito adavumbula kugula katundu mosatsata malamulo, maalawansi osayenera ndi ndalama zosowa malisiti. A Chakwera adachotsa nduna ya zantchito ndipo anthu angapo adamangidwa.

Tikaika zinthu ziwirizi pamodzi, mtima umawawa. Wosauka amalipitsidwa K10,000 chifukwa chosowa kansalu kapakamwa, pomwe wina amalandira alawansi pamsonkhano wokambirana za kansaluko kumalo ogona alendo a kunyanja. Ndalama iliyonse yomwe idasokonekera idali silinda ya mpweya yomwe sidagulidwe kapena ndowa ndi sopo zomwe sizidafike pasukulu.

Andale nawo adaphwanya malamulo awo omwe. Pokonzekera chisankho cha mu Juni 2020, mbali zonse ziwiri zidachititsa misonkhano ya anthu zikwizikwi, pomwe mipingo, mizikiti ndi maukwati zimawerengeredwa anthu. Anthu adaona ndipo adaphunzirapo kuti lamulo ndi la anthu wamba. Matenda atabweranso mwamphamvu, zidali zovuta kuwauza anthu omwewo kuti nkhaniyi ndi yoona.

Tsankho la pakati pa maiko

Zomwe zimachitika pakati pa wolemera ndi wosauka m'dziko muno zimachitikanso pakati pa maiko. Britain idayamba kubaya anthu ake katemera pa 8 Disembala 2020. Maiko olemera adaitanitsiratu katemera wochuluka, ena woposa chiwerengero cha anthu awo. Malawi idalandira katemera woyamba pa 5 Malichi 2021, wokwana 360,000, kudzera m'ndondomeko ya COVAX. Anthu m'dziko muno n'kuti ali oposa 18 miliyoni, ndipo funde lomwe lidatenga nduna zija lidali litadutsa kale.

Katemera wina wokwana 102,000 adafika kumapeto kwa Malichi atatsala ndi masabata osakwana atatu kuti athe mphamvu. Pa 19 Meyi 2021 boma lidaotcha poyera katemera 19,610 wotha ntchito. Mwezi wotsatira katemera adatheratu m'zipatala zambiri chifukwa India, komwe amapangidwa, idaimitsa kutumiza kunja itapanikizika ndi matendawa. Ambiri omwe adabayitsa koyamba adadikira nthawi yaitali kuti abayitse kachiwiri. India ndi South Africa zidapempha mu Okutobala 2020 kuti malamulo oteteza eni luso la mankhwala afewetsedwe kuti maiko ambiri apange katemera, koma yankho, lomwenso lidali losakwanira, lidabwera mu Juni 2022.

Mu Novembala 2021 akatswiri a ku South Africa ndi Botswana adadziwitsa dziko lonse za mtundu watsopano wa kachilomboka wotchedwa Omicron. Malipiro a kuona mtima kwawo adali akuti Britain, America ndi maiko ena adatsekera zitseko anthu a kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo Amalawi. A Chakwera adadzudzula poyera kuti limeneli lidali tsankho lodana ndi anthu a mu Africa. Mu Meyi 2025 maiko a m'bungwe la WHO adavomereza pangano latsopano la momwe angagwirire ntchito limodzi pa miliri. N'chiyambi chabwino, koma khasu lobwereka silimitsa munda wonse. Kudulidwa kwa thandizo la America kumayambiriro kwa 2025 kudationetsa kuopsa kodalira ena pa umoyo wathu.

Tinene chilungamo

Sitikunena kuti malamulo onse adali opanda nzeru. M'miyezi yoyamba ya 2020 padalibe katemera, padalibe mankhwala, ndipo zithunzi zochokera ku Italy zimaonetsa zipatala za maiko olemera zitadzaza. Mtsogoleri aliyense akadachita mantha. Kuvala masiki, kusamba m'manja ndi kupewa kuthithikana kudateteza anthu, ndipo katemera adapulumutsa miyoyo yambiri. Azaumoyo ochuluka adagwira ntchito usana ndi usiku, ena mpaka kutaya moyo. Boma losauka silingapereke zomwe Britain idapereka kwa anthu ake.

Koma umphawi wa boma ndi chifukwa chokwanira choti lizisamala kwambiri posankha malamulo. Lamulo lotengedwa ku London, komwe anthu ambiri ali ndi firiji, mpopi m'nyumba ndi malipiro a pamwezi, silingagwire chimodzimodzi pa Ntaja. Chuma cha dziko lino chidakula ndi ndalama yosakwana 1 pa 100 iliyonse mu 2020, pomwe chiwerengero cha anthu chimakula kuposa pamenepo. Mabanja asadapezenso mpamba, kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, namondwe wa Freddy adasakaza mu Malichi 2023, ndipo kwacha idagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho. Yemwe adagulitsa njinga kapena makina osokera mu 2020 kuti adyetse ana adapeza kuti mtengo wake wakwera kangapo pomwe amafuna kugulanso.

Zoyenera kukonzeratu

Choyamba, thandizo lizitsogola, lamulo lizitsatira. Boma likafuna kuimitsa malonda a munthu kaamba ka umoyo wa tonse, liyambe lanena kuti munthuyo adya chiyani. Kaundula wa mabanja ovutika afikire matauni ang'onoang'ono ndi misika ya m'maboma, ndipo azikonzedwanso pafupipafupi kusadagwe ngozi.

Chachiwiri, okhudzidwa azifunsidwa. Makomiti a m'misika, oyendetsa maminibasi, akabaza, mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti amadziwa zomwe zingatheke. Mutu umodzi susenza denga. Mwina akadafunsidwa akadati msika utambasulidwe pabwalo la mpira kapena ugawidwe masiku awiri m'malo moutseka.

Chachitatu, sukulu zizikhala zomalizira kutsekedwa ndi zoyambirira kutsegulidwa. Zikatsekedwa, phala lisaime ndipo magulu a amayi oyang'anira atsikana apatsidwe mphamvu zoyendera ana m'makomo.

Chachinayi, chipatala chilichonse cha paboma chikhale ndi mpweya wodalirika, ndipo msika uliwonse womwe khonsolo imatolerapo ndalama ukhale ndi madzi ndi zimbudzi. Maiko a mu Africa adalonjeza ku Abuja mu 2001 kuti 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti izipita ku zaumoyo. M'zaka za mliri sitidafikepo. Aphungu athu akumbutsidwe za lonjezo limeneli.

Chachisanu, ndalama za ngozi zizilembedwa poyera pa bolodi ya kwa DC ndi pachipatala kuti aliyense aone zomwe zabwera ndi zomwe zagulidwa. Aliyense yemwe khoti lamupeza kuti adaba ndalama za odwala abweze ndipo alandire chilango.

Nafenso makolo tili ndi mbali yathu. Ndondomeko ya boma imalola mtsikana yemwe adabereka kubwerera kusukulu, ndipo yakhalapo kuyambira mu 1993. Ngati pakhomo panu kapena kwa aneba pali mwana yemwe sukulu idamuthera mu 2020, nthawi sidathe. Kambiranani ndi aphunzitsi aakulu, agogo agwireko khanda, mwanayo akayesenso. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tisasiyenso kupititsa ana kukatemera chifukwa cha mphekesera za pafoni, ndipo khansala akabwera pamsika timufunse za mpopi ndi chimbudzi.

A Mutharika, omwe boma lawo lidalengeza m'bindikiro uja, adasankhidwanso mu Sepitembala 2025. A Chakwera ndi chipani chawo adayendetsa dziko pa nthawi ya funde lachiwiri, katemera ndi nkhani ya K6.2 biliyoni. Mbali zonse ziwiri zidagwirako mphikawu uli pamoto, choncho palibe yemwe anganene kuti sakudziwa pomwe udaotcha. Tikuwapempha onse kuti akonzeretu malamulo a miliri omwe amayamba awerenga wogulitsa pamsika, wakabaza ndi mwana wa sukulu yoyendera. Tsiku lomwe matenda ena adzagogode pa Mwanza kapena pa Songwe, nthawi yokonza zimenezi idzakhala itatha.